Chipewa Chimene Phethe Analondera

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ndinanamiza galu. Anthu ndawanamizapo ambiri pa moyo wanga, ena mpaka nkhope zawo ndinaziiwala, koma bodza limene ndinauza galu ameneyu landitsatira mpaka kuno ku Doha kumene ndikulembera izi, ndipo sindikuona kuti lidzandisiya.

Tinkakhala ku Bangwe m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kumunsi kwa phiri la Mpingwe. Bambo ankagwira ntchito pa fakitale ina ku Limbe, mayi ankagulitsa mandasi pakhomo. Galuyo ndinamutola m'ngalande kuseri kwa chigayo ali kamwana, utitiri uli thupi lonse. Ubweya wake unali wa mawangamawanga, ofiirira ndi oyera, ndiye mayi atamuona anaseka nati ndawabweretsera nyemba za kholophethe zoyenda ndi miyendo. Dzinalo linamatirira pomwepo. Poitana tinkangodula, n'kumati Phethe.

Bambo sanakondwe naye. Anati pakhomo pakamwa podyetsa panali pokwana kale. Koma mayi anandiikira kumbuyo, ndipo Phethe anakula ndi mikute komanso mitu ya bonya imene ndinkaba m'khitchini. Anakula wopusa, ndisabise. Ankathamangitsa njinga, ankaba mazira a aneba, ndipo ukamuitana ankakuyang'ana kaye n'kulowera kwina.

Malume anga a Gelesomu, achimwene awo a mayi, ankakhala ku Namiyango. Unyamata wawo wonse anathera pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, kumene anali mlonda woyenda ndi agalu akuluakulu aja a makutu oima. Ntchito anasiya bondo litawavuta. Anali munthu wamfupi, wouma mutu, woseka nthabwala zawo zokha. Tsiku lina anabwera kudzationa n'kundipeza ndikumugenda Phethe chifukwa anali atanyambita mafuta a mandasi.

"Iwe Fatsani, tabwera kuno," anatero malume. "Vuto lanu anthu a kuno ndi limeneli. Galu mumamulera ndi miyala, kenako muzidabwa kuti n'chitsiru. Loweruka m'mawa ubwere naye kwathu. Usamupatse chakudya."

Kuyambira pamenepo Loweruka linasanduka tsiku langa. Tinkanyamuka dzuwa lisanatuluke, mame akunyowetsa miyendo, malume patsogolo ndi ndodo yawo, ine ndi Phethe pambuyo, thumba la kabudula wanga likununkha bonya. Tinkadutsa m'minda ya anthu, kenako m'mitengo ya bulugamu imene inali itatsala, tikupatsana moni ndi amayi okatola nkhuni. Pakati pa phiri panali mwala waukulu wophwatalala, ndipo chakumunsi kwake kunali kasupe. Pamwalapo ndi pamene panali sukulu yathu. Ukaima pamenepo unkaona Limbe yense, utsi wa mafakitale ndi sitima ikukwawa.

Malume anaphunzitsa Phethe kuyenda pambali pa mwendo wanga wakumanzere, kubwera akamva likhweru, ndi kusiya chakudya chili pamphuno mpaka atauzidwa. Kunena zoona, amene ankaphunzitsidwa kwambiri ndinali ine. Tsiku lina ndinapsa mtima n'kumukwapula Phethe ndi kamtengo. Malume anatola kamtengo komweko, anandithyapa nako kamodzi m'miyendo, n'kundifunsa ngati ndaphunzirapo masamu. Sindinadzamumenyenso.

Phunziro lalikulu linabwera patatha miyezi. Ndinali ndi chipewa chofiira chimene mayi anandigulira pa kaunjika, ndipo sindinkachivula ngakhale podya. Malume anandiuza kuti ndichivule, ndichiike pansi pambali pa galu, ndimuonetse chikhatho, ndinene mawu amodzi okha: "Khala." Kenako ndichoke. Poyamba ndinkayenda mapazi asanu n'kubwerera. Kenako khumi. Kenako ndinkabisala kuseri kwa mwala. Pamapeto pake tinkatsika mpaka kukasupe, kumwa madzi, kutola masuku, ndipo pobwera tinkamupeza Phethe ali pomwe paja, chipewa chili pakati pa miyendo yake. Womumasula anali mmodzi yekha, amene anaika chipewacho. Ndinkachitola, kuchivala, n'kunena kuti "Tiye," ndipo iye ankadumpha ngati wapenga.

Tsiku limene anakwanitsa ola lathunthu, ine ndinkavina pamwala. Malume sanavine. Anakhala pansi akusisita bondo lawo, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Tamvera, mphwanga," anatero. "Ukamuuza kuti khala, miyendo yakoyo si yakonso mpaka utabwera kudzamumasula. Kaya kugwe mvula, kaya kumudzi kuchitike maliro, umayamba wabwerera kwa galu. Iye sadziwa kuti munthu amatha kusintha maganizo. Wamva?"

Ndinati ndamva. Ndinali ndisanamve chilichonse. Chimene ndinkaona ine chinali ulemu umene ndinayamba kulandira kwa anzanga. Ndinkamukhazika Phethe pafupi ndi chigayo, anyamata n'kumamuponyera fupa, ena kumuitana, ena kumuimbira likhweru, iye osasuntha. Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo ngati galuyo ndinamulenga ndine.

Chaka chotsatira fakitale inachotsa anthu, bambo ali m'gulu lomwelo. M'bale wawo anawapezera malo pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Tinayenera kukwera matola pa lole ya feteleza, ndipo dalaivala ananeneratu kuti galu sakwera. Ku esiteti nakonso agalu a antchito sankaloledwa. Akanatithandiza ndi malume, koma masiku amenewo anali atagonekedwa m'chipatala, bondo lija litatupa moopsa.

Bambo anamupereka Phethe kwa mnzawo wa ku Chigumula. M'mawa mwake tinamupeza pakhomo, chingwe chodukaduka chili m'khosi. Anakamusiya kutali kuposa pamenepo, kwa munthu wina wopha mbuzi. Patatha masiku awiri anabwera, mapazi akutuluka magazi, n'kugona pa nsapato zanga. Ine ndinasangalala, koma bambo anali atatopa ndi zonse, ntchito, katundu, ngakhale ife ana.

"Lole ikubwera mawa m'mawa," anatero bambo osandiyang'ana. "Galu ameneyu atithamangira pamsewu mpaka agundidwe. Aneba ali ndi temeki. Ngati dzuwa lilowe ali pano, ndimuikira m'chakudya. Uone chochita."

Ndinaganiza, ndipo ndinadziona wanzeru. Chingwe Phethe ankadula, mtunda sunkamuopsa, koma panali chinthu chimodzi chimene anali asanaphwanyepo. Ndinati ndikamukhazika kuphiri, adikira mpaka lole itachoka. Njala ikamupweteka adzanyamuka yekha, adzatsika, adzapeza khomo lina. Mumtima mwanga ndinkati ndikumupulumutsa. Ndinkakhulupirira kuti njala imaposa mawu, chifukwa kwa ine zinali choncho.

Tinakwera masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha mutu. Silinali Loweruka, ndipo Phethe ankangodumphadumpha, kudabwa kuti mwayi woterewu wachokera kuti. Titafika pamwala ndinamukhuthulira bonya yense amene ndinali naye, anadya, n'kundinyambita zala. Ndinavula chipewa. Ndinachiika pansi. Ndinamuonetsa chikhatho.

"Khala."

Anakhala. Mchira unamenya pansi kawiri. Ndinatsika osathamanga kuti asadabwe, ndipo pokhota pa mitengo ya bulugamu ndinacheuka kamodzi. Anali chikhalire makutu ali m'mwamba, akundiyang'ana ndi nkhope imene ankaionetsa Loweruka lililonse, yodziwa kuti mwiniwake wangopita kukasupe. M'mawa mwake ndinakhala pamwamba pa matumba a feteleza ndikuyang'ana Mpingwe mpaka linabisika.

Ku Kasungu ndinkadzinamiza bwino kwambiri. Ndinkati pano Phethe ali pakhomo pa munthu wolemera, akudya mafupa a nkhuku. Patatha miyezi itatu, malume anatsika basi pa esiteti paja, ndodo kudzanja limodzi, kachikwama kudzanja linalo. Ndinawathamangira. Anandipatsa dzanja koma maso awo anali kwina. Atadya ndi kucheza ndi mayi, anandiitanira kuseri kwa chigafa, natulutsa kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Chinali chipewa changa, chitayera ndi dzuwa, ubweya wofiirira ndi woyera utakanirira m'mphepete.

"Ndakubweretsera katundu wako," anatero. "Mlonda wake anamaliza ntchito."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, osakweza mawu. Atatuluka m'chipatala, amayi otola nkhuni aja anawauza kuti galu wawo uja ali pamwala ndipo sakuchoka. Amayiwo ankamusiyira madzi m'phale ndi timbatata, iye n'kumadya zokhazo zimene zagwera pafupi. Kasupe anali pomwepo, koma sankapitako. Wina akayandikira chipewa, ankaonetsa mano. Masiku amene amayiwo sanakwere phiri, sanamwe kanthu. Malume anakwera ndi bondo lawo lomwelo, anamupeza nthiti zili pamtunda. Phethe anawazindikira, anagwedeza mchira. Malume anati "Tiye." Galuyo anadzutsa mutu, anayang'ana njira imene ine ndinatsikira, n'kuugonekanso pachipewa. Kumunyamula sakanatha. Anatsika kukafuna anyamata, ndipo pamene ankafika m'mawa mwake anamupeza atauma.

Ndinalira mpaka mamina. Ndinati ndinkafuna kumupulumutsa ku temeki, ndinati ndinkayesa kuti njala imuchotsa. Malume anandisiya ndilire. Sanandimenye, ndipo mpaka lero ndimalakalaka akanandimenya.

"Mawu amenewo ndinakupatsa ndine, mlandu ndi wanganso," anatero pamapeto. "Koma iwe, ngati unkadziwa kuti subwerera, bwenzi utangomugenda. Akanathawa, akanadana nawe, ndipo lero akanakhala ali moyo. Unamupha ndi ulemu wake womwe."

Anakwera basi tsiku lotsatira. Sitinadzayendenso limodzi kuphiri, ndipo anamwalira ndili Folomu 2. Ine ndinalumbira kuti sindidzawetanso galu, ndipo lumbiro limenelo ndinalisunga zaka zoposa makumi awiri.

Ku Doha ndinabwera ngati dalaivala wa pakhomo. Kumudzi ndinasiya mkazi wanga ndi mwana wathu Chisomo, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zinayi. Ndinkagwira ntchito ku Nuaija, m'nyumba yaikulu ya mpanda, kwa banja lina la azungu: bwana, madamu ndi ana awiri. Anali ndi galu wa kuno konkuno, woonda, wa miyendo yaitali, amene anamutenga kumalo osungira agalu otayidwa. Ana anamutcha Bisiketi chifukwa cha mtundu wake. Mtsikana wogwira ntchito m'nyumba sankakhudza galu, wosamalira maluwa ankamuopa, ndiye ntchito yomuyendetsa inagwera ine. Ndinayesa kukana, koma munthu wa kontilakiti kukana kwake sikupita patali.

Kuno tsiku lopuma ndi Lachisanu. Tinkanyamuka m'mamawa kusanatenthe, Bisiketi ali kumpando wakumbuyo, mphuno ili pawindo. Tinkatuluka mumzinda mpaka pamene phula lathera, pamchenga woyandikana ndi nyanja, ndipo ndikamumasula ankathamanga mpaka kusanduka kadontho. Sindinadziwe kuti manja anga ankakumbukira zonse za malume. Pasanathe miyezi iwiri anali akuyenda kumanzere kwanga, akubwera ndi likhweru, akubweza chilichonse chimene ndaponya. Ndinamukonda, ndivomere, ngakhale ndinkadziletsa. Mumzinda uno iye yekha ndi amene ankasangalala ndikatulukira.

Madamu ataona zimenezi anandipempha kuti ndimuphunzitsenso kukhala malo amodzi mpaka atauzidwa. Ndinawayankha kuti imeneyo sindiidziwa. Anadabwa, koma sanaumirire.

Kenako kunabwera COVID. Madamu ndi ana anakwera ndege kubwerera kwawo zinthu zisanatsekedwe. Antchito anzanga aja anachotsedwa. Tinatsala atatu, bwana, ine ndi galu, tikuzembana m'nyumba ndi mamasiki kumaso. Patatha miyezi ingapo ntchito ya bwana inatha. Tsiku lonyamuka anaika makiyi patebulo, nandiuza kuti ndidikire masabata awiri kapena atatu, akakonza mapepala a galu adzanditumizira uthenga kuti ndikamukweze ndege. Anandigwira paphewa, ndipo ndikhulupirira kuti nthawi imeneyo ankanena zoona.

Ndinadikira. Masabata atatu anakhala miyezi iwiri. Mauthenga anga ankawerengedwa koma osayankhidwa. Bisiketi ankagona pageti madzulo alionse nthawi imene ana ankabwera kuchokera kusukulu, ngakhale kuti palibe anamuphunzitsa zimenezo. Ine ndinkakhala pakhonde kumuyang'ana, foni ili m'manja, ndipo sindinkadziwa kuti wopusa kwambiri ndani pa awirife. Tsiku lina yankho linafika. Kumene akukhala salola agalu, apepesa kwambiri, ndichite chimene ndikuona kuti n'chabwino. Mwini nyumba ankafuna makiyi kumapeto kwa mwezi. Galimoto inali itagulitsidwa, wogula adzaitenga Loweruka.

Ndinali ndi mnzanga, a Sakala, mlonda wochokera ku Chipata amene ankagwira ntchito ku Al Aziziya. Anali wamkulu kwa ine ndipo anali atakhalitsa kuno. Ndiwo anabwera kudzandidzutsa kutulo.

"Achimwene, mukudikira chiyani manje?" anatero ataima pageti, masiki ili pachibwano. "Lamulo lachenja. Palibenso zopempha kalata kwa kafili, bwana amene anakulembani ntchito uja, mungathe kutiransifa nokha kupita ku ntchito ina. Kampani ya madelivale ikufuna madalaivala wiki ino. Yalla, tiyeni mukasaine."

"Nanga galuyu, a Sakala?"

"Ku akomodeshoni ndi anthu sikisi mu rumu imodzi. Galu? Mafi, sizingatheke. Muli ndi mwana kunyumba, achimwene. Mukachedwa, ma pepala anu aekisipaya, mudzakwera ndege manja chabe."

Sankanama. Ndinaimba foni kumalo onse osungira agalu amene ndinawapeza. Konse kunali kodzaza, chifukwa anthu ambiri amene ntchito zinawathera anachita zomwe anachita bwana wanga. Mayi wina wa kumalo amodzi analira pafoni, koma malo analibe. Ndinatumiza zithunzi za Bisiketi m'magulu a pafoni. Anthu ankayankha ndi timitima tofiira, koma wobwera kudzamutenga panalibe.

A Sakala ndiwo anapeza njira. Ankadziwa bambo wina wa ku Sudan woweta mbuzi ndi ngamila pafamu ina kunja kwa mzinda. Bamboyo anati galu angathe kumamwa pomwera mbuzi ndi kudya zotsala, koma iye samanga galu ndipo samulowetsa m'nyumba. Akakhala, wakhala. Akathawa, wathawa.

Tinapita Lachisanu m'mawa, nthawi yathu ya masiku onse. Bisiketi anadumphira m'galimoto yekha, mchira ukumenya mpando. Pafamupo panali makola a malata, fungo la ndowe, ndi mchenga mbali zonse. Ndinatsitsa thumba la chakudya chake ndi mbale yake, ndinamuonetsa pomwera madzi, ndinapereka moni kwa woweta uja. Kenako ndinalowa m'galimoto n'kunyamuka. Pagalasi ndinamuona akubwera, miyendo yaitali ija ikuuluka pamchenga. Ndinadziwa kuti galu ameneyu athamanga mpaka mtima utaphulika, ndipo dzuwa linali litayamba kale kuluma. Ndinaima, ndinamubweza. Ndinayesanso kachiwiri, zinachitika zomwezo.

"Khalasi, sadiki," anatero woweta uja, kutanthauza kuti basi bwanawe, zithe. Ankaloza dzuwa ndi ndodo yake.

Ndinaima pamenepo thukuta likuyenderera m'masiki, ndipo ndinamva mawu a malume kuseri kwa chigafa ngati akunena tsiku lomwelo. Ndinawerama n'kutola mwala. Woyambawo ndinaponya pambali dala, dzanja linakana. Bisiketi anauthamangira, anautola, n'kudzauika pa nsapato yanga, akundiyang'ana kuti ndiponyenso. Ankayesa masewera athu a Lachisanu.

Wachiwiri unamupeza m'nthiti. Analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo kwa iye, anabwerera m'mbuyo, kenako anayamba kundiyandikira chokwawa, mimba ili pansi, ngati wolakwa ndi iyeyo. Ndinatola wachitatu, waukulu. Ndinakuwa kuti "Choka!" ndi mawu a bambo anga. Unamumenya mwendo wakumbuyo. Anathawa motsimphina mpaka kuseri kwa khola la mbuzi, anaima pamenepo n'kumandiyang'ana. Ndinaponyanso wina kuti asakayike.

Ulendo uno pagalasi panalibe chondithamangira. Nditafika paphula ndinaimitsa galimoto, ndinatsegula chitseko n'kusanza. Loweruka ndinapereka galimoto, Lamlungu ndinasaina kontilakiti yatsopano, ndipo anzanga anandiyamikira kuti ndachita mwayi.

Ngati Bisiketi ali moyo, sindikudziwa. A Sakala anamva kuti anakhala ndi mbuzi zija masabata angapo, osalola munthu kumukhudza. Kenako woweta uja anasamutsidwa, nambala yake inasiya kugwira. Ndinapitako kamodzi pa galimoto ya kampani, ndinapeza makola opanda kanthu. Ndinaimba likhweru kangapo, kenako ndinadzifunsa kuti galu wanzeru angabwererenso bwanji kwa munthu ngati ine.

Pano ndimakhala ku Al Doha Al Jadeeda, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi pamwamba pa sitolo ya matayala. Lachisanu ndimadzukabe m'mamawa, ndimavala nsapato, kenako ndimakhala pabedi chifukwa kopita kulibe. Ndi m'mawa wina wotere pamene mkazi wanga anandiuza pafoni za Chisomo. Tsiku limene ndinkachoka kumudzi ndinamunyamula pa siteji ya minibasi n'kumuuza kuti andidikire, ndibwera pa Khirisimasi. Ndinangonena kuti asiye kulira. Makhirisimasi atatu anadutsa, woyamba ndinalibe tchuthi, wachiwiri ndinali watsopano pantchito, wachitatu ndege zinali zovuta. Mkazi wanga anati mwanayo akaweruka kusukulu sapita kumpira. Amakakhala pa kalavati pafupi ndi siteji, kuyang'ana aliyense wotsika minibasi, mpaka amayi ake akamutenge.

Anamupatsa foni. Anandifunsa funso lake la masiku onse.

"Adadi, mubwera liti?"

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena kuti posachedwa. Ndinameza mawuwo.

"Sindikudziwa, Chisomo. Mwina sichaka chino, mwinanso sichamawa. Usamandidikirenso pamsewu paja. Wamva? Uzipita kumpira ndi anzako."

Ndinkamva mpweya wake wokha, kenako phokoso la foni ikuikidwa pansi. Mkazi wanga akuti pa kalavati paja anasiya kupitapo, ndipo mpira akusewera bwino. Akutinso ndikaimba, amatuluka panja.

Malume anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, pamwala paja, chinali chakuti ukauza wina kuti akudikire, ubwerere. Chachiwiri, kuseri kwa chigafa, chinali chochita munthu amene walephera choyambacho. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndikadzakula ndidzakhala munthu wobwerera. Tsopano imvi zayamba, ndipo ndikaunguza moyo wanga ndikupeza kuti phunziro limene ndinakhoza ndi lachiwiri lokha. Chipewa chofiira chija chili pansi pa sutikesi yanga, ndinabwera nacho kuno, ubweya uja udakalipo. Phethe anachilondera mpaka kufa, ndipo pa onse amene ndinawakonda, ndi iye yekha amene anapita asanadziwe kuti ndine munthu wotani.